Wailesi ikanena za mvula, imanena kwa yani?

Amene anasankha 13 February kukhala tsiku la wailesi padziko lonse sankaganiza za chimanga chathu, koma tsikuli linagwa pa nthawi yake. Mu February ndi pomwe chimanga cha m'timinda ta m'mbali mwa misewu ya ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose kuno ku Harare chimakhala chikumasula, ngayaye zili m'mwamba, ndevu zikutuluka. Mvula ikadula masabata awiri kapena atatu pa nthawi imeneyi, thukuta la chaka chonse limapita pachabe. Mu 2024 inadula pafupifupi mwezi wonse wa February. Masamba anapota ngati anyezi, ndipo aliyense amene ali ndi wailesi ankaitsegula madzulo ndi funso limodzi mumtima.

Tsikuli analikhazikitsa a UNESCO mu 2011, dziko la Spain litapereka ganizo, ndipo msonkhano waukulu wa United Nations unalivomereza mu 2012. Anatengera pa 13 February 1946, tsiku lomwe wailesi ya United Nations inakhazikitsidwa. Mu 2025 mutu wa chikondwererochi unali wailesi ndi kusintha kwa nyengo. Pa masiku otere sipalephera matisheti, zolankhula za akuluakulu, ndi mawu otamanda wailesi kuti ndi bwenzi la mmphawi. Sindikukana. Chomwe ndikufuna n'chakuti tilondole nkhani ya nyengo momwe imayendera kuchoka kwa akatswiri mpaka m'khutu la mayi wogwira khasu, tione pomwe imatayikira panjira, makamaka kwa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare.

Chinyanja sichinayambe dzulo kumveka pa wailesi mumzinda uno. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, wailesi ya ku Lusaka yotchedwa Central African Broadcasting Station inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Chovuta chinali chakuti anthuwo analibe mawailesi. Mkulu wina wa zofalitsa nkhani kumeneko, Harry Franklin, anaumirira mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga kawailesi kotchipa koyendera batire, ka chigoba chonga sefuliya, n'chifukwa chake kanatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Kanafika pamsika mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Agogo athu amene anabwera kuno wapansi kudzera ku Tete, kapena kudzera mwa bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, n'kutchona m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu ku Salisbury, Harare wa lero, ena mwa iwo ankamva chilankhulo cha kwawo chikutuluka m'kasefuliya kameneka.

Lero malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandanda, ngakhale kuti n'chifukwa cha afabeti chabe. Pa mawailesi a boma a ZBC, Radio Zimbabwe imalankhula Chishona ndi Chindebele, pomwe National FM ndi yomwe inapatsidwa ntchito yonyamula zilankhulo zina zonse, Chichewa chili momwemo. Munthu safunika masamu ambiri kuti aone kuti wailesi imodzi ikagawidwa kwa zilankhulo zoposa 10, aliyense amapeza kanthongo kochepa. Star FM ndi ZiFM Stereo, zomwe zinayamba mu 2012, ndi za Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Ambiri a ife Chishona timachimva bwino, ana athu ndiye amalota nacho. Koma pali agogo ku Epworth, ku Lydiate kufupi ndi Norton, ndi m'makomboni a mafamu akale, amene Chishona amagulira nacho mchere koma maganizo awo amayenda m'Chichewa. Amene ali ndi bandulo amamvera MBC kapena Zodiak pa intaneti, n'kusangalala kumva za kumudzi. Kungoti ulosi wa mvula ya ku Blantyre suthirira chimanga cha ku Tafara.

Vuto loyamba lili m'mawu enieniwo. M'Chichewa mawu oti nyengo amasenza katundu wa anthu atatu. Zanyengo za mawa, kaya kugwa mvula kapena kutentha, ndi nyengo. Dzinja, masika ndi chilimwe ndi nyengo. Khalidwe la mvula ndi kutentha kwa dera pa zaka 30 kapena kuposerapo, lomwe ndilo akatswiri amanena akamati lasintha, nalonso ndi nyengo. Ndiye muulutsi akati "nyengo yasintha", agogo amagwedeza mutu n'kuti inde, chilimwe chatha, dzinja lafika, nanga pali chachilendo? Aliyense wanena zoona koma sanamvane. Muulutsi waluso amayambira pomwe omvera ake ali. Amafunsa kuti chizimalupsa, mvula ija yozimitsa lupsa imene anzathu Achishona amati bumharutsva, masiku ano ikugwa liti poyerekeza ndi kale, nanga mvula yodzalira ikubwera motani, nanga ng'amba ikutalika bwanji. Akulu akayankha okha, mawu oti kusintha kwa nyengo amakhala atapeza pokhala.

Chomwe chikuchitika sichovuta kufotokoza. Dzuwa limatenthetsa dziko, ndipo kutenthako kumayenera kubwerera kumwamba. Mpweya wa kaboni, umene umatuluka powotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, umakhala ngati gombeza lofunda dziko, n'kutsekereza kutentha kwina. Mafakitale asanayambe, pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, magawo pafupifupi 280 anali a kaboni. Lero apitirira 420. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linati 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa, madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa momwe kunkakhalira pakati pa 1850 ndi 1900. Kwa munthu wozolowera kutentha kwa October ku Harare, digiri imodzi ndi theka ikuoneka ngati nthabwala. Koma digiri iliyonse imapangitsa mlengalenga kunyamula chinyontho chochuluka ndi magawo pafupifupi 7 pa 100. Mlengalenga waludzu umayamwa msanga madzi a m'nthaka ndi a m'madamu, ndipo tsiku lomwe wawatula, umawatula mwaukali. N'chifukwa chake chilala ndi kusefukira kwa madzi zili ana a mimba imodzi.

Apa ndi pomwe ndimakangana ndi aulutsi ena. Pali chizolowezi choti tsoka lililonse likagwa, tingoti ndi kusintha kwa nyengo, nkhani yatha. Chilala cha 2024, chomwe chinachititsa apulezidenti Hakainde Hichilema wa Zambia pa 29 February, Lazarus Chakwera wa Malawi pa 23 March ndi Emmerson Mnangagwa wa Zimbabwe pa 3 April kulengeza kuti kwagwa tsoka m'maiko awo, gwero lake lalikulu linali El Niño. Uku ndi kutentha kwa madzi a pakati ndi kum'mawa kwa nyanja ya Pacific, komwe kumabwera pakapita zaka ziwiri mpaka 7, n'kusokoneza mphepo zobweretsa mvula kuno kumwera kwa Africa. Chilala cha 1992 ndi cha 2016 chinabweranso ndi El Niño. Gulu la akatswiri la World Weather Attribution litafufuza chilala cha 2024 linaloza chala El Niño, osati kusintha kwa nyengo. Gulu lomwelo litafufuza anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo namondwe Ana amene anagumula damu la magetsi la Kapichira, linapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mvula yawo. Kusiyanitsa ziwirizi kuli ndi phindu kwa mlimi. El Niño amaoneka akubwera miyezi ingapo isanakwane nthawi yodzala, ndipo amatha. Kutentha kwa dziko sikubwerera m'mbuyo chaka chamawa. Muulutsi wosakaniza ziwirizi, mvula ikadzagwa bwino chaka chotsatira, omvera amamutenga ngati wabodza, ndipo sadzamumveranso tsiku lomwe akunena zopulumutsa moyo.

Nanga ulosi wa mvula umachokera kuti? Chaka chilichonse, dzinja lisanayambe, akatswiri a zanyengo a maiko a SADC amakumana pa msonkhano wotchedwa SARCOF, womwe unayambira konkuno ku Zimbabwe, ku Kadoma, mu 1997. Akachoka kumeneko, nthambi yoona zanyengo ya dziko lino, yomwe likulu lake lili ku Belvedere, imakonza ulosi wa madera a Zimbabwe. Pa wailesi timangomva mawu a Chingerezi aja oti "normal to below normal", ndipo omasulira ambiri amangoti mvula idzakhala yochepa. Tanthauzo lake si limenelo ndendende. Akatswiri amatenga mvula ya zaka 30 n'kuigawa milu itatu: zaka 10 zouma kwambiri, 10 zapakatikati, 10 zonyowa kwambiri. Kenako amanena mwayi woti dzinja likubweralo ligwere mulu uti. Mwachitsanzo angati mwayi wa mulu wapakati ndi 40 pa 100, wouma 35, wonyowa 25. Taonani kuti mulu wonyowa sunafufutidwe. Ndi nkhani ya mwayi, ngati munthu wa bawo amene waona kuti dzanja lake lapendekera kuluza koma masewero sanathe.

Choposa apo, ulosi umenewu umanena za mvula yonse ya miyezi itatu pamodzi. Sunena tsiku lomwe idzayambe, kapena ngati idzadule pakati. Harare imalandira mamilimita pafupifupi 800 pachaka, koma mamilimita omwewo akhoza kugwa mofatsa miyezi isanu, chimanga n'kucha, kapena kukhuthuka masiku ochepa n'kusiya February ali gwa. Pa pepala zaka ziwirizi n'zofanana. M'nkhokwe sizifanana. Ntchito yeniyeni ya wailesi ili pa mpata umenewu. Ulosi wa dzinja lonse uyenera kutsatiridwa ndi wa masiku 10 ndi wa masiku atatu, ndipo pambali pa wa zanyengo pakhale mlangizi wa zaulimi woti anene chochita: mbewu yocha msanga kapena ayi, kudzala tsopano kapena kudikira nthaka inyowe mpaka pansi, kuthira feteleza wobereketsa lero kapena kusunga kaye poti kukubwera ng'amba. Pfumvudza, ulimi wa m'maenje ndi kuphimbira nthaka womwe boma lino lakhala likulimbikitsa kuyambira 2020 pa kamunda ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi, ndi m'bale wake wa mtayakhasu wa ku Malawi. Kungomuuza zimenezi mkulu wa ku Dedza amene wakalambira ku Mazowe, wamva kale theka la phunziro.

Ulimi umapereka nthawi yoganiza. Namondwe sapereka. Usiku wa pa 15 March 2019, namondwe Idai atawononga kale mzinda wa Beira, mapiri a Chimanimani anagumuka. Matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira pa nyumba za ku Ngangu, mitsinje inakokolola dera la Kopa, ndipo ku Zimbabwe kokha anthu oposa 300 anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Ife tikanati napolo wadutsa. A zanyengo anali atachenjeza masiku angapo m'mbuyo, koma chenjezo loti kukubwera mvula yamphamvu ndi losiyana ndi loti inu a mtsinde mwa phiri lakuti chokani lero, pitani ku sukulu yakuti. Magetsi anazima, milatho inaduka, mafoni anasowa netiweki. Mafunde a FM nawo amayenda molunjika, phiri likaima pakati amatsekeka, motero madera a m'mapiri ndi a m'malire ndi omwe amavutika kugwira wailesi ya dziko lawo lomwe.

Lamulo la zoulutsa mawu la mu 2001 linkalola kale mawailesi a m'madera, koma ziphaso zoyamba zinaperekedwa kumapeto kwa 2020, patapita zaka pafupifupi 20, ndipo pofika 2021 zinakwana 14. Imodzi mwa mawailesiwa ndi Chimanimani FM, yomwe a UNESCO anathandiza kukhazikitsa ndi cholinga chochenjeza anthu za ngozi. Ku Chiredzi kuli Avuxeni FM ya Chishangani, ku Gwanda kuli Ntepe-Manama. Pamenepa Malawi anatsogola, poti wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Koma kukhala ndi mawailesi ambiri sikunaletse namondwe Freddy, amene anakhala masiku 36 panyanja ndi pamtunda, kuposa namondwe aliyense wolembedwa, kukwirira anthu ku Chilobwe mtsinde mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000. Masiku amenewo kuno ku Harare m'matchalitchi a CCAP ndi m'mizikiti munali anthu oyang'ana mafoni osayankhidwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma wotsinidwayo amafunikanso kothawira, ndi chikhulupiriro choti akabwerera adzapeza mbuzi zake. Zimenezo wailesi payokha singapereke. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anati pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko akhale akufikiridwa ndi machenjezo a ngozi zanyengo. Kuyeza mphepo ndi masetilaiti ndi mbali yomwe yapita patsogolo. Mtunda womaliza, wochoka pa kompyuta ya katswiri kufika pakhomo la munthu m'chilankhulo chake, ndiwo udakali wa minga.

Wina afunsa kuti zonsezi bwanji osangotumiza pa WhatsApp. Amene anakhala ku Harare mu 2024 yankho akulidziwa. Madzi atatsika mu nyanja ya Kariba, yomwe madzi ake amapanga magetsi, magetsi ankazima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Foni yamakono imafa tsiku limodzi, bandulo imafuna ndalama, ndipo uthenga wa m'magulu subwera ndi dzina la mwini wake. Chithunzi cha namondwe wa chaka china chimazungulira ngati cha lero. Kawailesi ka mabatire awiri kapena ka sola kamalankhula masabata, kosafunsa ngati womvera anapita kusukulu. Mafoni ambiri otchipa ali ndi FM yosafuna bandulo, bola kulowetsa mahedifoni, poti waya wake ndiwo umagwira mafunde. Ndipo mawu a pa wailesi ali ndi mwini, munthu amene omvera amudziwa zaka zambiri, amene angamuimbire foni n'kumutsutsa. Chodabwitsa n'chakuti chilala chomwecho chikaumitsa Kariba, dziko limatsamira pa malasha a ku Hwange, komwe makina awiri atsopano opanga magetsi anatsegulidwa mu 2023. Nkhani imeneyinso ndi ya kusintha kwa nyengo, ngakhale siikoma kuikamba pa tsiku la chikondwerero.

Pali kalankhulidwe kena ka pa wailesi komwe kamandiwawa. Pulogalamu imayamba bwino, kenako mlandu wonse umagwera mayi wotola nkhuni ndi mnyamata wootcha makala. Kudula mitengo n'koipa ndithu: kumakokolola nthaka, kumakwirira mitsinje, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Fodya wochizidwa ndi nkhuni wadya nkhalango zambiri m'dziko muno, ndipo ambiri odula nkhunizo m'mafamu anali abale athu, motumidwa. Koma Africa yense amatulutsa magawo osafika 4 pa 100 a mpweya wa kaboni wochokera ku malasha ndi mafuta padziko lonse. Womvera ali ndi ufulu wodziwa zimenezi, ndi kudziwa kuti pa msonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka pa zomwe awonongekeredwa. Apo ayi wailesi ikhala ikulalikira kulapa kwa munthu amene tchimo lake ndi laling'ono pa onse.

Komanso si madzi onse olowa m'nyumba amene abwera ndi kutentha kwa dziko. Harare inamangidwa pamwamba pa madambo omwe amamwa mvula n'kuitulutsa pang'onopang'ono kupita ku Mukuvisi, Marimba ndi Manyame, mpaka mu nyanja ya Chivero momwe mzinda umamwa. Dambo la Monavale n'lotetezedwa pansi pa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar, koma madambo ena ambiri adzaza nyumba ndi masitolo. Mtsinje wa Marimba ukalowa m'nyumba za ku Budiriro, funso loyamba ndi lakuti anagawa mapuloti m'dambo ndani. Muulutsi amene athamangira kunena za kusintha kwa nyengo pamenepo wathandiza wolakwa kubisala. Ifenso olima m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje tili ndi gawo lathu, ngakhale tikudziwa kuti njala ndiyo imatitumako.

Mawailesi a m'madera amapatsidwa chiphaso potengera dera, ndipo apa ndi pomwe ife timagwera pakati. Atonga ali ndi Binga, Avenda ali ndi Beitbridge. Achewa, Anyanja, Ayao ndi Alomwe a ku Zimbabwe tinamwazikana m'mafamu, m'migodi ndi m'malokeshoni, kulikonse pang'onopang'ono. Chotsalira chathu ndi wailesi ya dziko lonse. Mu 2025 kunasainidwa lamulo loti mwini galimoto ayambe walipira laisensi ya wailesi ya ZBC asanapeze laisensi ndi inshuwalansi ya galimoto, madola 92 a ku America pachaka panthawiyo. Anthu anadandaula kwambiri. Ine ndimati ngati ndalamazo zikutoleredwa kwa aliyense, ndiye aliyense ali ndi pakamwa pofunsa kuti ulosi wa masiku atatu uzimveka tsiku lililonse, pa ola lodziwika, m'chilankhulo chilichonse cha pa mndandanda uja. Chenjezo la namondwe silingadikire tsiku lomwe pulogalamu ya Chichewa ili pa ndandanda.

Azakhali anga ku Epworth amamvera zanyengo m'Chishona pa kafoni kawo ka mabatani, hedifoni imodzi m'khutu, inayo ikulendewera. Akamva, amaimbira mng'ono wawo ku Mulanje kufunsa kuti kumeneko wailesi yati chiyani, ngati kuti mitambo ya maiko awiriwa ingagwirizane. Chilala cha 2024 chitawapsereza chimanga, anamva pa wailesi kuti mbewu zazing'ono zimapirira, ndipo dzinja lotsatira anadzala mizere ingapo ya mapira kumapeto kwa munda. Anamera bwino, anabereka, mbalame n'kudya pafupifupi onse, poti m'dera lonselo munda wa mapira unali wawo wokha. Nditapita kukawaona anandipatsa foni ija n'kunena kuti, "Iwe mwanangu, umadziwa kulemba. Tawalembera a pa wailesiwo uwafunse kuti amene anatiuza za mapira uja, za mpheta anasiyira yani."